MILANDU YOPANDA PAKE: TISALOZE CALA MPHAWI

Kwamveka mau masiku ano, m'mabasi a pa mseu wa ku Chipata, m'makhonde a masitolo pa Boma la Chadiza, ngakhalenso pakati pa atsogoleri ena a Cipani, onena kuti makhoti athu adzala ndi milandu yopanda pake. Eni mauwo akuti munthu wa kumudzi wasanduka wokonda milandu. Akuti nkhuku ya mnzake ikangojompha cimanga cake, iye wakwera kale njinga kukagula samani, ndipo cifukwa ca anthu otere oweruza alibenso mpata womvera milandu yeniyeni. Mankhwala amene akutiuza ndi akuti ndalama za samani zikwere, kuti wosauka ayambe wapapasa m'thumba asanaponde pa khomo la khoti.

Tsamba lino likukana mau amenewa, ndipo likuwakana poyera. Sitikunena kuti milandu yacabecabe kulibe. Iriko, ndipo tiichula m'munsimu popanda kunyengerera munthu ali yense. Cimene tikunena n'cakuti amene akuloza cala mlimi wa ku Nsadzu ndi mkazi wamasiye wa kwa Mlolo akuloza kolakwika, ndipo ena mwa iwo akudziwa bwino lomwe kuti akuloza kolakwika.

Tiyambe takumbutsana kumene khomo limeneli linacokera, popeza acinyamata ambiri analipeza lotsegula kale. M'masiku a atsamunda, kuyambira m'caka ca 1929, munthu wakuda anali ndi makhoti akeake ochedwa Native Courts. Anali kuweruzamo mafumu ndi nduna zao, koma pansi pa diso la Bwana DC, amene anali ndi mphamvu yogwetsa ciweruzo cosamkomera. Mzungu sanali kuimirira m'bwalo lotere, ngakhale atakulakwira cotani. Iye anali ndi makhoti ake a Cingerezi ndi a maloya, kumene mlimi sakanafikako. Titalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, Boma linakonza lamulo la makhoti a Local Court m'caka ca 1966. Khoti limeneli analikonza dala kuti likhale lapafupi ndi losadula. M'menemo munthu alankhula cinenero cimene anayamwa, mlandu uweruzidwa monga mwa mwambo wa kwao, ndipo loya saloledwa kuimira munthu, kuti wa ndalama asagule lilime la wophunzira ndi kupondereza nalo wosaphunzira. Amene sanakhutire ndi ciweruzo ali ndi njira ya apilo kwa majisitireti, ndi kupitirira mpaka ku High Court. Tsono amene akufuna kukweza mtengo wa samani adziwe kuti akukankha citseko cimene makolo athu anacitsegula ndi thukuta, ena ndi ndende.

Wolemba uno anakhalapo tsiku lathunthu pa benchi la khoti lina la m'boma lathu lino, kumvera milandu imene apamwamba akuicha yopanda pake. Woyamba kulowa anali gogo wa imvi mbuu, woyendera ndodo, amene anasumira mwana wa mlongo wake. Mlandu unali wakuti pa maliro a kamwana kena, mnyamatayo anaimirira pa gulu nanena kuti gogoyo ndiye wadya mwanayo. Munthu wokulira m'tauni akamva zimenezi aseka, nati: awo ndi mau cabe, kodi mau athyola fupa? Koma inu a kumudzi mukudziwa cimene mau otere acita. Azimai aleka kuyenda naye ku citsime. Adzukulu aletsedwa kudya nsima ya m'mbale yake. Mwana wina akatentha thupi, maso onse atembenukira ku khomo lake, ndipo usiku wina denga lake lipsa. M'dziko muno nkhalamba zakhala zikuphedwa ndi nkhwangwa cifukwa ca mau amodzimodziwo, ndipo lamulo loletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti liripo kuyambira 1914. Gogo uja sanafune ng'ombe. Anafuna kuti mnyamatayo abweze mau ake pamaso pa anthu, ndi kuti kalaliki alembe m'buku la Boma kuti iye si mfiti. Ngati umenewu ndiwo mlandu wopanda pake, tiuzeni kuti wa pake ndi uti.

Waciwiri anali mai wa ana anai, amene mwamuna wake anamwalira zokolola ziri m'nkhokwe. Asanamete n'komwe, alamu ake anali atanyamula ngolo, ng'ombe ziwiri zolimira, njinga ndi malata a pa nyumba, nati kwathu kwa Acewa cuma ca munthu ndi ca mbumba yake. Mwambo wakuti malume ndiye mwini mbumba tonse tiudziwa ndipo sitiunyoza. Koma mwambowo unali kupatsa malume udindo wolera, osati cilolezo cosasula denga ana ali m'kati. N'cifukwa cake Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la cuma ca masiye m'caka ca 1989. Lamulolo likuti munthu akafa osalemba wilo, pa magawo 100 a cuma cake, 50 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo a malemu, ndi 10 a ena amene iye anali kuwasunga. Ndipo wotsalayo akhala m'nyumba pamodzi ndi ana mpaka atakwatiwanso kapena kumwalira. Munda wa kwa mfumu lamuloli siliukhudza, koma ngolo, njinga ndi malata lizikhudza. Papita zaka zoposa 30 cikhazikitsire lamuloli, koma mpaka lero mai amene ayesa kuligwiritsa nchito achedwa wamwano, wosalemekeza maliro, wokonda milandu. Amene amucha dzinalo ndi omwe aja akhomera malata ake pa nyumba zao.

Wacitatu anali mkulu amene ng'ombe za mnansi wake zinathyola mpanda wa dimba ndi kudya kabichi ndi tomato usiku umodzi. Kwa bwana wolandira malipiro pa mwezi, mitu ya kabichi ndi cinthu coseketsa. Kwa mkulu uja, dimbalo linali feteleza wa caka cimeneco, yunifolomu ya mwana ndi ndalama ya ku cigayo. Anali atapita kawiri kwa nyakwawa, koma mwini ng'ombe sanabwere, popeza nyakwawayo ndi mpongozi wake. Paja amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Nanga munthuyu akadapita kuti? Njira zinamtsalira ziwiri: khoti, kapena kutenga nkhwangwa ndi kutema mitsempha ya ng'ombezo. Anasankha khoti, ndipo ife tikuti anacita monga mzika yabwino.

Dzuwa litapendeka ndi pamene unalowa mlandu umene ngakhale ife tinagwira pakamwa. Amuna awiri a ndebvu, onse a zidzukulu, anatukwanizana pa mowa. Wina anati mnzake ali ndi mutu ngati dzungu, ndipo mwini mutuyo anafuna mbuzi zitatu za cipepeso. Anabwera ndi mboni zinai, zonse zimene zinali pa mowa womwewo, ndipo palibe ziwiri zimene zinagwirizana pa cimene cinanenedwa. Oweruza sanataye nao nthawi. Anaucotsa mlanduwo, nalamula wodandaulayo kuti abweze ndalama zimene mnzake anaononga pa ulendo. Taonani pamenepa, abale: mankhwala a mlandu wacabe ali kale m'manja mwa khoti. Kuyambira Local Court mpaka Supreme Court, woweruza ali ndi mphamvu yotaya mlandu wopanda mutu ndi kulipiritsa amene waubweretsa. Sipafunika lamulo latsopano lolanga gogo, mkazi wamasiye ndi mwini dimba cifukwa ca ucitsiru wa cidakwa cimodzi.

Koma tisabise, khalidwe lotere liripo pakati pathu ndipo liyenera kudzudzulidwa. Alipo anthu amene samani aiyesa mkondo wobayira mnansi amene anayambana naye kalekale pa nkhani ya malire. Alipo amene mwana wao wa ku Lusaka akangotumiza ndalama, m'malo mogula mbeu, ayamba kufukula milandu ya agogo ao, nati mlandu suola. Alipo akadaulo okhala pansi pa mtengo pafupi ndi khoti, osalima, osaweta, amene nchito yao ndi kunong'oneza anthu kuti kasume, upambana, iwo n'kumwerapo. Coipitsitsa n'cakuti ndeu zotere zikonda kubuka m'Disembala ndi m'Januwale, maudzu ali kupikisana ndi cimanga. Wodandaula, woimbidwa mlandu ndi mboni zao, anthu asanu ndi mmodzi kapena kuposa, asiya makasu masiku atatu cifukwa ca mau a pa mowa. Ameneyo ndi mdani wa nkhokwe, ndipo a Cipani a m'mudzi mwake ayenera kumuuza pamaso. Cimene tikukana ndi kutenga munthu mmodzi wotere ndi kumuyesa cithunzi ca alimi onse.

KUMENE NYIMBOYI INACOKERA

Nyimbo ya milandu yopanda pake sinapekedwe ku Chadiza. Inakula ku America, kumene makampani akuluakulu aiimba kwa zaka zambiri pofuna kuti malamulo acepetse cipepeso cimene munthu wobvulazidwa angalandire. Nkhani imene akonda kusimba ndi ya Stella Liebeck, mai wa zaka 79 wa ku Albuquerque, amene m'caka ca 1992 anadzitayira khofi wogula ku McDonald's, nasumira kampaniyo. Dziko lonse linaseka: taonani nkhalamba yadzitayira yokha khofi, n'kulandira mamiliyoni! Zimene osekawo sananene ndi izi. Khofiyo anali wotentha kotero kuti anapsereza khungu mpaka mnofu. Maiyo anagona m'cipatala masiku 8 ndipo madokotala anacita kumuika khungu lina. Poyamba anapempha madola 20,000 okha olipirira cipatala ndi zina zotayika, kampani n'kumuloza madola 800. M'khoti munaululika kuti kampaniyo inali italandira kale madandaulo oposa 700 a anthu opsa ndi khofi wake. M'caka ca 1994 anthu wamba osankhidwa kuweruza anagamula cilango ca madola 2.7 miliyoni, koma jaji anacitsitsa kufika pa 480,000, ndipo pambuyo pake mbali ziwirizo zinamvana mwamseri. Umenewo ndiwo mlandu umene mpaka lero auchula monga citsanzo ca dyera la anthu wamba.

Mlandu wacabe weniweni ku America komweko unaoneka m'caka ca 2007 mu mzinda wa Washington, kumene munthu wina anali atasumira banja locokera ku Korea, la kasitolo kocapa zobvala, kufuna madola 54 miliyoni cifukwa ca buluku limodzi limene anati analitaya. Anagonja m'khoti, koma banjalo linali litazunzika zaka ziwiri, ndipo sitoloyo linaitseka caka comweco. Kodi wosumayo anali mlimi? Anali mbuli? Iai. Anali loya, ndiponso woweruza wa Boma. Mfundo yathu yagona pamenepa: kuti munthu azunze mnzake ndi khoti, afunika kudziwa makhwalala a lamulo ndi kukhala ndi thumba losabooka. Mlimi wa kwa Zingalume alibe zonse ziwiri.

Ku South Africa anafika pozindikira zimenezi. Makampani a migodi ogwirizana ndi eni cuma a ku Australia anasumira maloya ndi anthu omenyera ufulu wa midzi, asanu ndi mmodzi, kufuna marandi oposa 14 miliyoni cifukwa cowadzudzula poyera. M'caka ca 2022 khoti la Constitutional Court la dzikolo linabvomereza kuti munthu angathe kudziteteza ponena kuti mlandu umene wamgwera colinga cake si cilungamo, koma kumtseka pakamwa ndi kumsaukitsa. Mlandu wotere, wa wolemera pa wosauka, ndiwo woopsa. Koma amene akudandaula za nkhuku ya ku Chadiza sitinawamvepo akuuchula.

Ndipo tisayang'ane kutali kokha. Ife a ndale tidzifunse tokha. Ndani adzaza High Court ndi mapepala opempha ciletso pamene atsogoleri a cipani cimodzi alimbirana mpando? Ndani athamangira ku khoti masankho akangotha, ena ali ndi umboni, ena alibe kanthu koma manyazi a kugonja? Malamulo a dziko, monga anakonzedwera m'caka ca 2016, akuti dandaulo la masankho a phungu wa Nyumba ya Malamulo limvedwe m'masiku 90. Lamuloli n'labwino, koma tanthauzo lake n'lakuti majaji aika pambali mafaelo ena kuti athane ndi a ndale, ndipo munthu wamba adikira. Wandale amene anaberedwa mavoti ali ndi ufulu wonse wosuma, monga anacitira a ku Malawi mpaka khoti linafafaniza masankho a Pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020. Koma wandale amene asuma kuti omtsatira asamuseke alibe pakamwa podzudzulira mwini dimba.

MILANDU IMENE SIFIKA

Bvuto lenileni la dziko lino ndi milandu yabwino imene sifika n'komwe pa khomo la khoti. Alimi 1,826 a m'midzi ya pafupi ndi Chingola anadandaula kuti madzi oipa a mgodi wa Nchanga, wa kampani ya Konkola Copper Mines, anaononga mitsinje, minda ndi matupi ao. M'caka ca 2015 anatengera dandaulo lao ku London, kwao kwa kampani ya Vedanta imene inali mwini wamkulu wa mgodiwo. Maloya a kampani analimbikira zaka zinai kunena kuti mlanduwo ulibe maziko okokera Vedanta m'khoti la ku England. Pa 10 Epulo 2019 Supreme Court ya ku Britain inawakanira, ndipo cifukwa cimodzi cimene inapereka ciyenera kutigwetsa nkhope tonse: inapeza kuti anthu osauka otere sakanatha kupeza cilungamo cokwanira m'Zambia, popeza kunalibe njira yolipirira mlandu waukulu cotere, ndiponso kunalibe magulu a maloya okwanira oti ausenze. M'Januwale 2021 kampani inamvana ndi odandaulawo kunja kwa khoti, popanda kubvomera kulakwa. Zikadakhala kuti alimiwo anamvera uphungu wakuti musabvutitse makhoti, akadalandira ciani?

Kuno kwathu kulibe mgodi wotere, koma milandu yosafika iri mbwee. Mlimi agulitsa soya kapena mpendadzuwa kwa wogula wa sikelo yonama, aona ndi maso ake kuti thumba lapepuka, nangopukusa mutu. Wina asaina pepala la ngongole ya thonje kapena fodya lolembedwa m'Cingerezi cimene sanawerengeredwe, ndipo pokolola auzidwa kuti ngongole yadya zonse. Mnyamata aweta ng'ombe za munthu zaka zinai polonjezedwa thole, pothera pake apirikitsidwa cimanjamanja. Mai amenyedwa mpaka kuthyoka nthiti, abale ake namuuza kuti banja ndi kupirira. Mwa anthu onsewa, ndi angati amene anagulapo samani? Kucokera ku midzi ya ku malire a Mozambique kufika pa Boma ndi ulendo wa tsiku, mitsinje ikadzala ndiye masiku. High Court ndi ofesi ya Legal Aid ziri ku Chipata. Maloya ambiri aunjikana ku Lusaka ndi ku migodi. Munthu awerenga ndalama ya galimoto, ya cakudya ca mboni, ya pogona, naona kuti ziposa cimene analandidwa, nati Mulungu ndiye adzaweruza. Odyera anzao masuku pamutu adalira masamu amenewa, ndipo samani ikadula, iwo ndiwo ayamba kubvina.

Nanga cicedwetsa milandu n'ciani ngati si nkhuku ya mlimi? Funsani ali yense amene anakhalapo ndi mlandu kwa majisitireti. Lero wapolisi wofufuza sanabwere. Mawa loya wa mbali ina ali ku Lusaka ndipo wapempha tsiku lina. Mkuja faelo siikuoneka. Mwezi wa mawa galimoto yotenga akaidi iribe mafuta. Oweruza ndi ocepa, zipinda n'zocepa, ndipo munthu amene khoti silinampeze wolakwa agona m'ndende miyezi kudikira tsiku lake. Zimenezi zifuna ndalama za Boma, oweruza oonjezera ndi akalaliki okhulupirika, ndipo aphungu ndi makhansala athu ndizo ayenera kufuulira. Kukweza mtengo wa samani sikudzapeza faelo yotayika.

Kwa iwo amene lero ali pa mipando ndipo akuona khoti ngati cisokonezo, tiri ndi mbiri yoti tiwakumbutse. M'caka ca 1972, pamene Pulezidenti Kenneth Kaunda anasankha bungwe la Mainza Chona kuti likonze njira ya ulamuliro wa cipani cimodzi, Harry Mwaanga Nkumbula wa ANC anapita ku khoti kukatsutsa. Anagonja ku High Court, nagonjanso pa apilo, ndipo ambiri a m'cipani colamula anamuyesa wotaya nthawi. Ulamuliro wa cipani cimodzi unayamba m'Disembala caka comweco, nutha m'caka ca 1990. Pa masankho a 1991 UNIP inacoka m'boma. Sipanapite zaka zambiri, Kaunda yemweyo anaimbidwa mlandu pamodzi ndi Christine Mulundika ndi anzao ena, wocita msonkhano popanda cilolezo ca apolisi. Anathawira kuti? Ku khoti. Kuciyambi kwa 1996 Supreme Court inagamula kuti ndime ya lamulo yofuna cilolezoyo inali yosemphana ndi ufulu wa anthu wosonkhana ndi kulankhula. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Citseko cimene mufuna kutsekera mlimi lero, mudzagogodapo ndinu.

NCHITO YA ATSOGOLERI A M'MIDZI

Tsono inu apampando, alembi ndi asungicuma a m'masekishoni, m'mabulanchi ndi m'mawadi, inu a gulu la amai ndi la acinyamata, nchito yanu pa nkhani imeneyi iripo ndipo ndi yaikulu. Ndeu ya pa mowa, ya nkhuku, ya mau opsetsana mtima pa citsime, ithere m'mudzi. Ankhoswe alipo, eni mbumba alipo, nyakwawa iripo, ndipo pamwamba pao pali mabwalo a mafumu athu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, pansi pa Kalonga Gawa Undi. Malamulo a dziko a 2016 anena momveka kuti makhoti alimbikitse kuyanjanitsa anthu, kuphatikizapo njira za makolo, malinga ngati njirazo siziphwanya ufulu wa munthu. Bwalo la pansi pa mkuyu liri ndi cinthu cimene khoti liribe: anthu akatha kukamba, adyera pamodzi ndi kukumbirana manda monga kale. Koma bwalolo likhale loongoka. Nyakwawa imene iweruza moyang'ana nkhope, kapena imene ifuna mbuzi isanamve mlandu, ndiyo ikankhira anthu ku Boma, ndipo isadabwe anthu akailambalala.

Pali milandu ina imene simuyenera kuikhudza n'komwe. Kugwirira mwana, kugwirira mkazi, kubvulaza munthu, kupha, kukwatitsa mtsikana wa sukulu: imeneyi ndi ya apolisi ndi majisitireti. Lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi linakhazikitsidwa m'caka ca 2011, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023 ukwati wa munthu wosafika zaka 18 ndi wosaloledwa, ngakhale utakhala wa mwambo. Wapampando amene akhazika pansi mabanja awiri kuti mwana woonongedwa alipiridwe ng'ombe nkhani ithere pomwepo sanayanjanitse anthu. Wagulitsa mwana, ndipo wabisa mlandu. Timve bwino pamenepa, popeza mau akuti tisacurutse milandu ku khoti ndiwo amene anthu oipa abisalamo kawirikawiri.

Ndipo mlandu ukalowa m'khoti, Cipani cicotsepo dzanja. Khadi la Cipani si umboni. Wapampando asalembe kakalata kwa oweruza konena kuti uyu ndi munthu wathu, ndipo acinyamata asaperekeze munthu ku khoti ndi nyimbo ndi zibonga. Dziko lino linalawapo zimenezi. M'Julaye 1969 jaji wa High Court anamasula asilikali awiri a Cipwitikizi amene anagwidwa atalumpha malire, ndipo Jaji Wamkulu James Skinner anaikira kumbuyo ciweruzoco. Mitima inali yowawa, ndipo panali cifukwa, popeza Apwitikizi anali kuzunza anthu a m'malire athu. Koma acinyamata a Zambia Youth Service anathyola ulemu, nalowa mwa ciwawa m'nyumba ya High Court ku Lusaka. Skinner anacoka m'dziko natula pansi udindo, ndipo kuyambira 1970 anakakhala Jaji Wamkulu ku Malawi. Kaunda mwini wake anaonetsa cisoni pa zimene zinacitikazo. Ngati zinali zolakwa pa asilikali a adani, n'zolakwa koposa pa mlandu wa malire a munda wa msuweni wa khansala.

Cimene tipempha pa msonkhano wa bulanchi ukudzawu n'capafupi. Mlembi awerengere anthu magawo aja a cuma ca masiye, 50, 20, 20 ndi 10, m'cinenero cathu, amuna ndi alamu ali pomwepo. Afunse ngati m'midzi ya bulanchiyo muli mai amene analandidwa katundu maliro atangotha, kapena nkhalamba imene ikugona ndi mantha cifukwa cochulidwa ufiti, kapena mnyamata woweta amene sanalandire thole lake. Akapezeka, asankhidwe munthu mmodzi wodziwa kulemba woti amthandize kufotokoza dandaulo lake, ndi wina wa njinga woti ampereke kwa kalaliki wa khoti. Ndalama ya samani ikasowa, msungicuma ayendetse mbale monga ticitira pa maliro. Ndipo polipira, munthuyo asacoke pa zenera la kalaliki asanalandire lisiti la Boma lokhala ndi cidindo.